Kamluzu

Lachiwiri lililonse phukusi limagwa pakhomo, phu,
zimbale zisanu, nthawi zina zisanu ndi ziwiri,
ndi kapepala ka mkonzi wanga Strnad:
mawu mazana atatu, nyenyezi zisapitirire zisanu,
Lachisanu dzuwa lisanafike paliwombo.

Mpando uwu wandisunga zaka makumi atatu ndi chimodzi
muno mu Brno, pamwamba pa ophika buledi.
Ndimadikira tramu idutse, mazenera aleke kunjenjemera,
kenako ndimavala mahedifoni
ngati dokotala wofuna kumva chifuwa cha mwana wa eni.

Ntchito yake ndi yotere:
anthu makumi asanu ndi atatu akhetse thukuta masiku anayi,
ine ndimwe kapu imodzi ya khofi
ndi kulemba kuti malipenga anathamanga ngati othawa mvula,
kuti woimbitsa anakoka gawo lachiwiri
mpaka zitoliro zinatha mpweya.
Amati lilime lilibe fupa.
Cholembera changa chinali nalo, losongoka.

Lero m'phukusi mwatuluka chimbale chakale, chochapidwa mwatsopano.
Anthu anayi okha: mavayolini awiri, viyola ndi chelo,
m'tchalitchi chozizira cha ku Olomouc.
Ndikuchidziwa. Ndinachizenga mlandu zaka khumi ndi ziwiri zapitazo.
Nyenyezi ziwiri.
Ndinalemba kuti vayolini wachiwiri, Jarmila Ondrova,
amasunga udzudzu mu nsambo zake,
kamluzu kowonda, tswii,
kamene kanadya gawo lonse lodekha.
Anthu anaseka. Strnad anakweza chiganizocho pamutu pa tsamba.
Chaka chisanathe, atatu aja anapeza wachinayi wina.

Ndikuchiika. Chelo akuyamba pansi penipeni
ngati munthu wokankha kabati m'nyumba yoyandikana nayo,
viyola akumuyankha mosafuna mkangano.
Ndikumva mpando ukulira,
ndikumva wina akukoka mpweya asanatsitse uta,
ndipo apo, pomwe onse anayi akunong'ona,
kamluzu kaja.
Ndikugwedeza mutu. Sindinaname.

Belu la pakhomo.
Ndikuvula mahedifoni, ndikuzimitsa makina.
Ophika buledi aweruka, chipale chatseka pakamwa pa msewu,
nyumba yonse ili zii.
Kamluzu kakupitirira.

Ndikuzula firiji pakhoma.
Ndikutsamiza tsaya papaipi ya madzi otentha.
Ndikutseka khutu lakumanzere ndi chala
ndipo kakulira mkatimo, kuseri kwa chalacho,
ngati mlendo amene anazolowera kalekale mphasa yake.

Kanalowa liti?
Ine sindinakhalepo pachete.
Wailesi m'mawa, tramu masana, ng'oma ndi malipenga usiku.
Kanali ndi pobisala pambiri,
kankangosuzumira nyimbo ikatsitsa mawu.
Mukabati muli mafayilo khumi ndi anayi a ziweruzo zanga.
Sindikuwatsegula.
Ndikudziwa kuti udzudzu umenewu ndinaupatsanso ena:
wa chitoliro wa ku Graz, wa zeze wamkulu uja wa ku Krakow.

Woliza belu uja watopa, wapita.

Ndinamva kuti Jarmila amaphunzitsa ana ku Znojmo,
m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsapato,
kuwawongola zigongono, kuwamatira timapepala pakhosi pa vayolini
kuti zala zidziwe kwawo.
Kaya amawerenga nyuzipepala, kaya anasiya.

Ndikubwezanso chimbale poyambira.
Tsopano tilipo asanu, ine ndi kachilombo kanga tikuwerengedwa mmodzi.
Ndikutsata vayolini wachiwiri yekha,
amene ntchito yake ndi kugwirira anzake makwerero.
Sakuterereka. Pomwe woyamba akunyadira m'mwamba
iye akumuchinjiriza pansi, mwakachetechete, osapempha diso.

Papepala ndalemba mawu anayi:
Vayolini wachiwiri sanalakwe paliponse.
Atsala mazana awiri ndi makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi,
ndipo nyenyezi zitatu zija sindikudziwa kozitumiza.

Tramu yomaliza ikubwera.
Mazenera ayamba kunjenjemera,
ndipo kwa kanthawi, mpaka ikakhote pa ngodya,
sindikumva kanthu m'khutu.